Si mimba ayi, nanga n'chiyani?

Mtsikana wa sukulu akadumphitsa msambo miyezi iwiri, kuno kwathu amafunsidwa funso limodzi basi: "Wakupatsa ndani?" Amayi ake amafunsa, azakhali amafunsa, ametroni a ku hositelo nawonso amafunsa lomwelo. Kenako amamutenga kukayezetsa mkodzo. Kachipangizo kaja kakaonetsa mzere umodzi, mitima ya akuluakulu imakhala m'malo, amathokoza Mulungu, n'kubwerera kunyumba. Koma mwana uja wabwerera ndi thupi lomwe lija, kumwezi sakupitabe, ndipo palibenso amene akufuna kudziwa chifukwa chake. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa pamene ife timaweruka paja ndi pamene mwanayo amafunika thandizo kwenikweni. Ndikufuna ndinene za chimodzi mwa zifukwa zoimitsa msambo, matenda otchedwa PCOS, amene amalepheretsa mazira a mkazi kukhwima bwino.

Ine ndine woluka tsitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhalitsa mu Mzuzu muno ndipo kasaluni kanga kali ku Chibavi. Mtsikana akakhala pampando wanga atawerama, ndimakhala ndikuyang'ana kumbuyo kwa khosi lake mpaka kumaliza kuluka, choncho ndimaona zimene ngakhale mayi womubereka saziona. Alipo atsikana amene khosi lawo ndi lakuda bii, khungu lake lokhuthala, lamizeremizere. Amayi awo amachita manyazi n'kumandipepesa: "Pepani asisi, mwanayu ndi waulesi, m'khosi satsukamo." Amamukwecha ndi chinkhupule, ena ndi mwala, mpaka khungu kusupuka, koma kuda kuja kuli pomwepo. Ena tsitsi la pakati pa mutu likuchepa moti choluka sichigwira bwino, pamene pachibwano ndi pamwamba pa mlomo pakumera tsitsi lokhwima. M'nsagwada muli ziphuphu zikuluzikulu zowawa. Ukamufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mwana wanga, kumwezi umapita bwanji?" amayang'ana pansi n'kunena kuti kawiri kapena katatu pachaka.

Funso limeneli ndinaphunzira kulifunsa chifukwa cha mwana wa achemwali anga, amene ndimakhala naye kuno chifukwa cha sukulu. Dzina lake sindilitchula. Anatha msinkhu ali ndi zaka 13. Ali Fomu 3, zaka 16, msambo unangoleka, teremu yonse ndi holide yake yomwe. Sanauze munthu. Amene anatulukira ndi agogo ake, amayi anga, atabwera kudzacheza. Iwo amasungabe mwambo wakuti mkazi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndipo amaonetsetsa amene wagwira chibakuwa cha mchere. Tsiku lina anandiitanira kuseri: "Iwe, chibwerere ine mwanayu akuthira mchere tsiku ndi tsiku. Kodi ali bwinobwino ameneyu?" Usiku womwewo mwana analira mpaka mawu kusasa. Ankangobwereza kuti, "Anti, ine sindinapangepo chilichonse." Kenako anaulula kuti ankabisa chifukwa ankadziwa kuti palibe amene angamukhulupirire.

Pachipatala china chaching'ono anamuyeza mkodzo, n'kutiuza kuti mimba palibe, zimachitika kwa atsikana, zibwera zokha. Mawu amenewa ali ndi choona chake, ndipo ndikufuna makolo amve bwino malire ake, chifukwa si kudumphitsa kulikonse kumene kuli matenda. Thupi la namwali limatenga nthawi kuti likhazikike. Chaka choyamba chiyambire kusamba, msambo ukhoza kubwera mwachisawawa ndipo palibe chodetsa nkhawa. Kuchokera chaka chimodzi kufika zaka 3, masiku ochokera pa tsiku loyamba la msambo wina kufika pa tsiku loyamba la wotsatira ayenera kukhala pakati pa 21 ndi 45. Zikadutsa zaka 3, ayenera kukhala pakati pa 21 ndi 35, ndipo pachaka misambo isachepere 8. Koma chaka choyamba chija chikangotha, kukhala masiku opitirira 90 osaona kanthu ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala, ngakhale zitachitika kamodzi kokha. Chimodzimodzinso mtsikana amene wafika zaka 15 asanayambe n'komwe. Mwana wathu anali atadutsa malire onse a masikuwa.

Amene anatithandiza ndi dokotala wina wachizimayi amene tinakumana naye pambuyo pake. Sanathamangire kulemba mankhwala. Anandipempha kuti ndidikire panja kaye, anacheza ndi mwanayo payekha, kenako anandiitana. Anamuyang'ana khosi, m'khwapa, chibwano ndi pamimba. Anamuyeza sikelo, msinkhu ndi BP. Anafunsa ngati kumtundu kwathu kuli matenda a shuga, ngati kuli azimayi andevu kapena amene anavutika kupeza mwana. Apa ndinakumbukira azakhali athu ena amene anakhala pabanja zaka zambiri asanaone mwana, anthu n'kumawanena kuti anawamanga. Anali ndi ndevu, ndipo anamwalira ndi shuga. Adokotala anati, "Mayi, zimenezi zimayenda m'magazi. Ndikuganiza kuti mwanayu ali ndi PCOS, koma tiyeze kaye zinthu zingapo."

Ndifotokoze mmene ndinazimvera, chifukwa munthu ukamvetsa mmene msambo umabwerera, mantha ambiri amatha. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza mahomoni awiri (mankhwala achilengedwe onyamula uthenga m'magazi), FSH ndi LH, kumatumba awiri a mazira amene ali uku ndi uku kwa chiberekero. Mwezi uliwonse mazira angapo amayamba kukula, lililonse m'kathumba kake kamadzi, koma limodzi lokha ndilo limakhwima n'kutuluka. Likatuluka, thupi limapanga homoni ya progesterone. Ngati dziralo silinakumane ndi mbewu ya mwamuna, progesterone imatsika pakatha masabata pafupifupi 2, ndipo kakhungu ka m'kati mwa chiberekero kamayoyoka n'kutuluka ndi magazi. Umenewo ndiwo msambo. Ndiye kuti dzira likapanda kutuluka, palibenso chouza chiberekero kuti nthawi yakwana.

Kwa mtsikana wa PCOS, matumba a mazira amapanga mahomoni achimuna, monga testosterone, ochuluka kuposa oyenera. Mkazi aliyense ali nawo pang'ono, ndi chilengedwe. Koma akachuluka, mazira amayamba kukula n'kuima panjira. Zili ngati mbande za tomato zothinana panazale: zamera zambirimbiri, koma palibe imene ikufika powokera. Timatumba ta mazira osakhwimawa ndi timene timaoneka pa sikani titandandalikana. Si zotupa, si khansa, ndipo sitifunika opaleshoni. Ndikunena izi chifukwa ndamvapo amayi akulira kuti mwana wawo amupeza ndi zotupa m'mimba ndipo akusaka ndalama zokamung'ambira. Mahomoni achimuna omwewa ndi amene amameretsa tsitsi pachibwano, pachifuwa ndi pansi pa mchombo, amatulutsa ziphuphu, komanso amathothola tsitsi la pakati pa mutu.

Nanga khosi lija? Apa pakubwera homoni ina, insulin, imene imachokera ku kapamba. Ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi kuti alowe m'minofu. Atsikana ambiri a PCOS thupi lawo silimvera insulin bwino, choncho kapamba amangopanga yochuluka. Insulin yochulukayo imakankhiza matumba a mazira kupanga testosterone wina wowonjezera, imanenepetsa makamaka pamimba, ndipo ndi imene imadetsa ndi kukhuthalitsa khungu la m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Si litsiro. Sopo sangachotse, mwala sungachotse. Ndipo anzanga a m'masaluni, chonde tileke kugulitsa atsikanawa mafuta oyeretsa khungu kuti azipaka m'khosi. Ambiri mwa mafuta amenewa muli mankhwala a steroid, amene amapyapyalitsa khungu, kuwonjezera ziphuphu ndi kumeretsa tsitsi pamene pakupakidwapo. Mwana akubwera ndi vuto limodzi, ife n'kumubweza ndi atatu.

Matendawa si achilendo ndipo si a azungu okha, monga ena amanenera. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, anawafotokoza kale mu 1935. Mu 2003 akatswiri anakumana ku Rotterdam n'kugwirizana kuti mayi wamkulu amapezeka nawo ngati ali ndi ziwiri mwa zinthu zitatu: msambo wosayenda bwino, zizindikiro za mahomoni achimuna ochuluka, ndi timatumba tija pa sikani. Bungwe la WHO limati pafupifupi mayi 1 pa 10 alionse a msinkhu wobereka ali ndi PCOS, ndipo mwa amenewa, okwana mpaka 7 pa 10 alionse sanauzidwepo kuti ali nayo. Ganizirani hositelo ya atsikana iliyonse imene mukuidziwa, muwerenge mabedi, muone kuti tikunena za ana angati.

Kwa atsikana achichepere muyezo wake ndi wosiyana, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amataya ndalama. Malangizo a padziko lonse amene anatuluka mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2023, motsogoleredwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Monash ku Australia, amati kwa mtsikana pafunika zonse ziwiri pamodzi: msambo wosayenda bwino, komanso mahomoni achimuna ochuluka, kaya aoneka pathupi kapena m'magazi. Sikani isagwiritsidwe ntchito potsimikiza PCOS mpaka patapita zaka 8 chiyambire kusamba, chifukwa atsikana ambiri abwinobwino a msinkhu umenewu amakhala ndi timatumba tambiri mwachibadwa. Ife tinkaumirira sikani, poti kuno munthu sakhutira asanajambulidwe. Adokotala anakana, nati ndalamazo tikayezetsere magazi. Mtsikana amene ali ndi chizindikiro chimodzi chokha samupachika dzina la matenda. Amamuthandiza pa chimene chikumuvutacho n'kumamuona pakapita nthawi.

Magazi amayezedwa chifukwa pali zinthu zina zimene zimaimitsa msambo. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira kapena moperewera, msambo umasokonekera. Homoni ya prolactin, imene imatulutsa mkaka, ikakwera, msambo umaleka. Kudya moperewera, kuonda kwambiri, matenda okhalitsa monga TB, nkhawa ya mayeso, imfa m'banja, zonsezi zimatha kuuimitsa. Jakisoni wakulera wa Depo nayenso amauimitsa, n'chifukwa chake dokotala wanzeru amacheza ndi mwana payekha. Ndipo pali zizindikiro zosafunika kudikira nazo ngakhale sabata: ndevu zomera mofulumira m'miyezi yochepa, mawu kusintha kukhala achimuna, mkaka kutuluka m'mawere, mutu wosatha limodzi ndi kusaona bwino, kapena kutaya magazi kopitirira masiku 7 mpaka padi kudzaza ola lililonse kapena awiri. Zoterezi yambirani ku Mapale kapena pachipatala chilichonse chapafupi, ndipo mupemphe kalata yopitira ku Mzuzu Central, kumene kuli gawo loona za matenda a amayi.

Nkhondo yeniyeni kwathu inabuka pa mankhwala. Adokotala analemba mapiritsi akulera, aja omwa tsiku ndi tsiku okhala ndi mahomoni awiri, a mtundu wa Microgynon. Bambo ake a mwanayo atamva pafoni anapsa mtima. "Alamu, mwana ndinakupatsani kuti aphunzire, inu mukumupatsa chilolezo chopita kwa amuna? Nanga akadzalephera kubereka mudzandiuza chiyani?" Mantha awo ndinawamvetsa. Ndi bambo amene amalima ndi manja ake kuti mwana apeze fizi. Koma ndinawayankha kuti, "Alamu, mwanayu akudwala, ndipo mankhwala ake ndi amenewa. Akanakhala a malungo simukanafunsa." Sanagonje tsiku lomwelo. Anachita kubwera okha kudzamva kwa adokotala.

Chimene anamva ndi ichi. Mtsikana akakhala miyezi yambiri osasamba, magazi sakuunjikana kapena kuwola m'mimba monga timanenera. Chimene chimachitika n'chakuti kakhungu ka m'chiberekero kamangokhuthala, poti homoni ya oestrogen ikukakulitsa koma progesterone yoti ikayoyole palibe. N'chifukwa chake ena akakhala nthawi yaitali, tsiku lobwera msambo umabwera wambiri, wamagulumagulu, wosatha, mpaka mwana kuchepa magazi n'kumachita chizungulire m'kalasi. Zikapitirira zaka zambiri osathandizidwa, kukhuthalaku kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'kati mwa chiberekero akadzakula. Mapiritsi aja amateteza chiberekero, amabweretsa msambo pa nthawi yake, ndipo amatsitsa mahomoni achimuna. Sapha mazira, saumitsa chiberekero. Munthu akawasiya, thupi limabwerera mmene linalili. Sachiza PCOS, amangoyigwira kuti isavutitse. Komanso si oti n'kungogula pakauntala: adokotala anafunsa kaye za BP, za mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso, ndi ngati kumtundu kuli amene magazi anaundana m'mitsempha, chifukwa oterewa mapiritsi amenewa sawayenera. Kwa iwo pali njira ina, mapiritsi a progesterone yekha omwa masiku angapo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kuti chiberekero chiyoyole.

Anawonjezeranso metformin, mankhwala omwe aja a anthu a shuga, othandiza thupi kumvera insulin. Masabata oyamba anamuvuta ndi nseru ndi kutsegula m'mimba, mpaka anaphunzira kumwera pakati pa chakudya. Ziphuphu zinayamba kuchepa pakatha miyezi ingapo. Tsitsi la pachibwano ndilo limachedwa, limatenga miyezi 6 kapena kupitirira kuti usinthe uoneke, ndipo limene lamera kale silichoka lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakadali pano kumeta sikulakwika. Zija timanena zakuti ukameta limamera lambiri si zoona: limangooneka lokhwima chifukwa nsonga yake yadulidwa. Ine ndimamumeta ndekha ndikatseka saluni, ndi lezala latsopano nthawi iliyonse.

Pa zakudya ndikufuna ndilankhule mosamala, chifukwa apa ndi pamene timavulaza ana ndi pakamwa. Mtsikana sanadzipatse PCOS chifukwa cha dyera. Alipo owonda amene ali nayo, alipo onenepa amene alibe. Kunenepa kumangokulitsa vuto limene lilipo kale, ndipo vutolo limachititsa kuti kuonda kukhale kovuta kuposa kwa anzake. Ndiye mawu aja akuti "taona mimba yakoyo, uchepetse kudya" sathandiza kanthu. Ena amafika podzimana chakudya tsiku lonse kapena kudzisanzitsa, ndipo njala nayo imaimitsa msambo. Chimene ife tinachita n'kusintha mphika wa nyumba yonse, kuti pasakhale mbale ya wodwala.

Mzuzu ndi wozizira, ndipo mu June ndi July tiyi amamwedwa kangapo patsiku, aliyense ndi masupuni ake a shuga, pambali mandasi kapena buledi woyera. Pobwera kusukulu, tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa cha m'botolo. Madzulo nsima ya ufa woyera, mitanda yosawerenga. Zonsezi zimakweza shuga m'magazi mofulumira, ndipo kapamba amayankha ndi insulin yochuluka. Tinabwerera ku mgaiwa, tinachepetsa mitanda n'kuchulukitsa ndiwo. Mwayi wake kuno ndiwo sizisowa: ku Zigwagwa mumapezeka mpiru, bonongwe, nkhwani, nyemba, mapeyala, mtedza, ndipo usipa wa ku Nkhata Bay umabwera wosavuta. M'mawa ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata ndi dzira. Sobo anasanduka wa alendo. Kusukulu amapita wapansi m'malo mwa kabaza, kupatula tsiku la mvula, ndipo zitunda za mumzinda muno n'zokwanira kutulutsa munthu thukuta. Anabwereranso ku mpira wamanja. Kwa amene ali wonenepa, kutsika pang'ono chabe, makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a thupi lake, kumatha kubweretsa msambo. Koma ngakhale sikelo isasunthe, kuyenda ndi kusewera kumathandiza thupi kumvera insulin.

Matiyi oondetsa ndi mabotolo "otsuka chiberekero" amene akutsatsidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, asiyeni. Chiberekero sichinade.

Pali uphungu wina umene umandinyansa kuposa wonse, ndipo ndaumva ndi makutu anga kuchokera kwa azimayi akuluakulu, ena mu Chichewa, ena mu Chitumbuka: "Ameneyu akufunika mwamuna, njira idzatseguka." Kapena, "Mukwatitseni msanga abereke, akachedwa sadzaona mwana." Kugona ndi mwamuna sikusintha mahomoni a munthu. Ukwati suchiza PCOS, ngakhale kubereka sikuichotsa. Chimene uphungu umenewu umabala ndi mimba ya mwana wa Fomu 2, matenda opatsirana, ndi sukulu yothera panjira. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo saloledwa kulowa m'banja. Anankungwi ndi amayi a mabungwe a m'mipingo ali ndi mphamvu zambiri pa atsikana, amamveredwa kuposa ife makolo. Ndikulakalaka akanawonjezera pa malangizo awo mawu awiri okha: kuti namwali azilemba masiku ake, ndi kuti miyezi 3 ikadutsa osaona kanthu anene mosaopa.

Chimene sichioneka pa sikelo kapena m'magazi ndi mtima wa mwana. Wathu anasiya kwaya. Ankavala sikafu yophimba khosi ndi chibwano ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo, ndipo poti ndi ku Mzuzu, anthu ankangoti amamva kuzizira. Anyamata a m'kalasi anamupatsa dzina limene sindingalilembe pano. Akuluakulu nawonso sathandiza, wina ati mkazi wandevu ndi wamwayi pa ndalama, wina ati ndi wankhanza, wina ati ndi za kumpanda, onsewa akulankhula mwana ali pomwepo. Zaka 16 ndi msinkhu umene munthu amadziyang'ana pagalasi kwambiri. Kafukufuku amasonyeza kuti nkhawa ndi matenda okhumudwa n'zofala kwambiri mwa atsikana ndi amayi a PCOS kuposa mwa anzawo, ndipo malangizo a 2023 aja amati dokotala azifunsanso za zimenezi. Mwana akasiya kudya, kugona, kucheza ndi anzake, kapena akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, musati ndi matama a kutha msinkhu. Mu Mzuzu muno tili ndi mwayi wa St John of God, kumene kuli aphungu a za maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Funso limene mwana wathu anasunga mumtima nthawi yaitali analitulutsa tili awiri, ndikumumasula tsitsi. "Anti, ndiye kuti ine sindidzakhala ndi mwana?" Anali atawerenga pa intaneti, ndipo mawu oyamba amene anakumana nawo anali akuti kusabereka. Ndi zoona kuti PCOS ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene amayi amachedwera kutenga pathupi, poti dzira silituluka mwezi ndi mwezi. Koma mazira alipo, ndipo ndi ambiri. Amayi ambiri a PCOS amatenga pathupi paokha, ena atangosintha kadyedwe. Amene zavuta amapatsidwa mapiritsi okhwimitsa dzira, monga letrozole kapena clomiphene, ndipo ambiri amabereka. Azakhali athu aja, amene anatha mbuzi ndi nkhuku kwa asing'anga, mwina akanangofunika mapiritsi a masiku 5 pamwezi. Ndikawaganizira ndimamva chisoni, chifukwa anapita kumanda akukhulupirira kuti pali m'bale amene anawachita chipongwe.

Mbali inanso ya nkhani yomweyi iyenera kunenedwa poyera kwa atsikana: kusasamba mwezi ndi mwezi sikutanthauza kuti sungatenge mimba. Dzira limatha kutuluka tsiku lililonse mosayembekezereka, ndipo njira yowerenga masiku kwa iwe sigwira ntchito. Mtsikana amene wauzidwa mwachidule kuti "uli ndi vuto la mazira" n'kumadziona ngati wosabereka ali pangozi kawiri. Ndipo akatenga mimba, amachedwa kuizindikira poti anazolowera kudumphitsa.

Popita kuchipatala, tengani kabuku ka kuchipatala ndi pepala la masiku. Ife timalemba kumapeto kwa kope: tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi kuchuluka kwake, kaya pang'ono, pakatikati kapena kwambiri. Amene ali ndi foni akhoza kulemba pa kalendala ya m'foni. Dokotala wa m'chipatala cha boma amakhala ndi mzere wautali panja, ndipo pepala limeneli limamuuza m'kamphindi zimene mwana wamanyazi sangathe kufotokoza. Mwanayo asamete pachibwano kwa masiku angapo asanapite, kapena anene yekha kuti amameta, chifukwa dokotala sangaone tsitsi limene lachotsedwa m'mawa womwewo. Inu mayi, mukafunsidwa kuti mutuluke, tulukani ndi mtima woyera. Ndipo pemphani kuti ayezedwe shuga ndi BP, chifukwa PCOS imawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga ngakhale munthu akadali wamng'ono, ndipo kuyeza shugaku kumafunika kubwerezedwa chaka chimodzi mpaka zaka 3 zilizonse moyo wake wonse.

Mwana wa achemwali anga tsopano ali Fomu 4, akukonzekera mayeso a MSCE. Msambo ukubwera mwezi ndi mwezi chifukwa cha mapiritsi, ziphuphu zatsala zochepa, khosi layamba kuwalako ngakhale silinafanane ndi nkhope. Kwaya anabwererako. Bambo ake ndi amene amaimba foni kufunsa ngati mankhwala sanathe, ndipo anauza achemwali anga kuti mng'ono wake wa mwanayu, amene wangotha msinkhu kumudzi, naye amugulire kope. Akamaliza mayeso tidzabwereranso kwa adokotala kukayezetsa shuga ndi kukambirana ngati metformin apitirize kapena ayi.